Yankho: chikasu ndi ayironi wochuluka m'chiwindi

Mayi, mwafunsa ngati chikasu chingateteze chiwindi cha mwana wanu wodwala matenda a magazi a sickle cell amene amaikidwa magazi pafupipafupi. Nkhawa yanu ndi yomveka: magazi oikidwawo amabweretsa ayironi, ndipo thupi lilibe njira yotayira ayironi wochuluka, ndiye amaunjikana m'chiwindi n'kumachiwononga pang'onopang'ono.

Zoona, curcumin wa m'chikasu amagwira ayironi, ndipo pa makoswe, iye pamodzi ndi capsaicin wa mu tsabola anachepetsa kuwonongeka kwa chiwindi. Koma mwana si khoswe, komanso curcumin salowa bwino m'magazi. Thirani chikasu m'ndiwo, palibe vuto. Makapisozi ake okha ndikukuletsani, chifukwa ena adwala nawo chiwindi chomwecho, makamaka makapisozi osakaniza ndi piperine wa mu tsabola wakuda.

Chonde pemphani adokotala amuyeze ferritin m'magazi, amene amasonyeza kuchuluka kwa ayironi m'thupi. Akakwera, mankhwala ochotsa ayironi alipo, monga deferasirox ndi deferoxamine.