Tsabola savundikidwa ngati nthochi

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti kambuzi amene anadzala m'ndowa wabereka bwino, koma mwezi wathunthu wangokhala wobiriwira. Akufunsa ngati angathyole n'kuvundika pamodzi ndi nthochi. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa ine ndinawononga mitengo isanu ndi umodzi ndi phuma lomweli.

Nthawi imeneyo ndinkakhala nyumba ya lendi ku Lilongwe. Mbewu ndinatenga kwa azakhali anga kumudzi ku Mulanje, n'kudzala m'matumba a simenti kuseri kwa khitchini. Pofika Meyi mitengo inali italemera ndi tsabola. Ndinkadzuka m'mamawa kukayang'ana ngati wina wayamba kufiira. Juni anafika ndi chisanu chake, tsabola ali chibiriwirebe. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinathira urea. Masamba anachita kunona, maluwa anayoyoka, tsabola osasintha. Mtima utandipweteka ndinathyola yense n'kumanga m'jumbo ndi nthochi ziwiri. Patatha sabata nthochi zinapsa, tsabola anafota, wina anawola.

Azakhali atabwera kudzacheza anangogwira pakamwa. "Mwanawe, tsabola amapsera pamtengo, ukamuthyola wamuletsa." Ankanena zoona. Nthochi, mango ndi tomato zimapitiriza kupsa zikathyoledwa, koma tsabola amene sanayambe n'komwe kusintha mtundu nthawi zambiri amangouma ali wobiriwira.

Ndipo tisaiwale kumene mbewuyi inachokera. Kwawo ndi ku America, madera otentha a Mexico ndi kum'mwera kwake, ndipo ku Africa kuno inabwera ndi amalonda achipwitikizi. Imakonda kutentha. Kambuzi ndi mbale wake wa habanero, mtundu wochedwa kupsa kuposa katsabola kakang'ono kaja kamene amapangira Nali. Ndiye inu mwamuika pansi pa phiri la Zomba, m'nyengo ya chiperoni, usiku kukuzizira, mukuyembekezera kuti athamange bwanji?

Pa za urea ndiye sindibweza mawu. M'dimba la pakhomo feteleza ameneyu wawononga tsabola wambiri kuposa nsabwe za m'masamba. Anthu tinazolowera chimanga, tikaona mbewu yaima timathamangira thumba la feteleza. Tsabola akayamba kubereka safunanso zakudya zambiri zokulitsa masamba. Manyowa a nkhuku owola bwino, othira podzala, amakwanira. Chimodzimodzi madzi: ndowa yopanda mabowo pansi imawoletsa mizu, ndipo ndaona anthu akuthirira m'mawa ndi madzulo m'nyengo yozizira ngati akulima mpunga.

Zina zimene zimandivuta ndi zimene anthu amanena zoti kuwawa kwa tsabola kuli m'njere. Ayi. Kuli m'kanyama koyera ka m'kati kamene njerezo zimamatirira. Mbalame sizimva kuwawako n'komwe, n'chifukwa chake apumbwa amatha kukumalizirani tsabola wofiira inu mukudikira, n'kukafesa njere kuseri kwa mpanda. Azakhali anga mitengo yawo yambiri sanadzale okha, inangomera pansi pa mtengo wa mango.

Ndiye mutani, mayi?

Musathyole. Sunthani ndowayo ipite pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, makamaka pafupi ndi khoma la njerwa limene limasunga kutentha mpaka usiku. Thirirani pokhapokha dothi lapamwamba likauma, feteleza musiye. Tsabola akafika msinkhu wake amatha kutenga masabata atatu kapena anayi asanasinthe, kukazizira amapitirira pamenepo. Mukaona kadontho kachikasu kapena kofiirira, ameneyo mutha kuthyola, amalizira pawindo. Wambewu yekha musiyeni apse mpaka kufewa pamtengo, chifukwa njere za tsabola wosapsa sizimera bwino.