Mwala ungadziwike bwanji zaka zake?

Funso: Ndili Fomu 3, aphunzitsi a Geography anatiuza kuti ma dinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo ndipo akuti miyala imasunga maginito ndiye asayansi amawerenga pamenepo. Koma analipo ndani nthawi imeneyo? Sizongopeka izi? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Mwafunsa bwino, panalibedi munthu. Koma taganizani agogo omwe alibe chiphaso chobadwira, mukawafunsa amati "ndinabadwa chaka cha njala", inu nkudziwiratu kuti ndi 1949. Asayansi amasakanso chizindikiro ngati chimenecho mmiyala.

Dziko lathuli lili ngati maginito aakulu, nchifukwa chake kampasi imaloza kumpoto. Chiphalaphala cha phiri lophulika chikamazizira, tizitsulo tating'ono tomwe timatchedwa magnetite timatengera mbali yomwe maginito a dziko akuloza, kutentha kukangotsika pansi pa madigiri 580 basi zakhazikika. Matope okhala pansi pa nyanja nawonso chimodzimodzi, tizitsulo timagona moloza mbali imodzi kenako matopewo nkuuma kukhala mwala.

Chodabwitsa nchakuti maginitowa amatembenuka, kumpoto kumakhala kummwera. Bernard Brunhes anapeza miyala yoloza chobwerera ku France mu 1906, kenako Motonori Matuyama waku Japan mu 1929 anaonetsa kuti miyala yotereyi ndi yakale kuposa yoloza ngati lero. Kutembenuka komaliza kunachitika zaka pafupifupi 773,000 zapitazo ndipo kumatchedwa ndi maina a awiriwa.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Mwala umodzi sungakuuzeni chaka ayi, umangoti kumpoto kapena kummwera, ndipo kutembenukaku kwachitika kambirimbiri popanda ndondomeko, pena patapita zaka masauzande makumi angapo pena mamiliyoni ambiri. Ndiye amatenga zidutswa kuyambira pansi pa chigwembe mpaka pamwamba, nkupeza mizere ngati ya chitenje, wina waukulu wina waung'ono, kenako nkufananiza ndi mizere yodziwika kale ya pansi pa nyanja zikuluzikulu, koma kuti chaka chenicheni chituluke pamafunika phulusa la phiri lophulika lomwe amaliyeza ku labu ndi njira ya argon kapena uranium, yoona mmene zinthu zina za mphulusalo zasinthira pa liwiro lodziwika. Popanda chimenecho mizere iwiri yofanana itha kukupusitsani.

Za ma dinosaur zanuzo, ku Gubbio, Italy, wasayansi wa miyala Walter Alvarez ankawerenga maginito a miyala yosanjikizana pomwe anachita chidwi ndi kamzere ka dongo kochepa ngati chala. Iye ndi bambo ake Luis anapezamo iridium wambiri, chitsulo chosowa pa dziko pano koma chochuluka mmiyala yochokera kuthambo, ndipo mu 1980 analengeza kuti chimwala chochokera kuthambo chinagwa nkuthetsa ma dinosaur. Dzenje lake lili ku Chicxulub, Mexico. Kamzereka kali mu nthawi yomwe maginito ankaloza chobwerera, ndiye kakapezeka dziko lina amatha kutsimikiza kuti ndi komweko.

Malire a nyengo ngati amenewa amasankhiridwa malo amodzi oti dziko lonse lizifananizira. A kutha kwa ma dinosaur ali ku El Kef, Tunisia. Mu 2020 anasankhanso chigwembe cha mtsinje wa Yoro ku Chiba, Japan, pomwe kutembenuka komaliza kuja kumaoneka bwino, nyengo yake nkuitcha Chibanian, yoyambira zaka 774,000 zapitazo. Aphunzitsi anuwo sananame, kungoti period imodzi siikwana kufotokoza zonsezi.