Funsani Azakhali: Mwana amadya katatu koma sikelo siikukwera

Mwezi uno mafunso ambiri abwera okhudza zakudya, kuyambira za makanda mpaka za agogo, nde ndasankhapo asanu. Ena ndawadulako pang'ono chifukwa anali ataliatali.

FUNSO: Azakhali, mwana wanga ali ndi miyezi 9. Phala ndinamuyambitsa ali ndi miyezi 4 chifukwa apongozi ankati mkaka wanga sukumukwana nchifukwa chake amalira usiku. Panopa amamwa phala katatu pa tsiku, la ufa woyera ndimathiramo kashuga, koma kusikelo akuti mzere wake m'buku sukukwera mwezi wachiwiri uno. Ine nde ndabalalika, mwana woti amadya chonchi angamachepe bwanji? Ndalama ya Cerelac ndilibe. Mayi wa ku Mchinji

YANKHO: Mayi, za Cerelac ziiwaleni kaye, zomwe mwana wanuyo akusowa zili pakhomo panu pomwepo, makamaka inu a ku Mchinji kodzadza mtedza ndi soya. Mawa mukaphika phala mutape pa supuni kenako muipendeketse. Likayenderera n'kudontha msangamsanga ndiye kuti mwanayo akukhuta madzi. Phala la mwana wa msinkhu umenewu lizikakamira pa supuni, lizichita kugwa mwaulesi. Kamimba kake nkakang'ono, kongokwana kapu imodzi ya tiyi basi, ndiye mukakadzadza ndi phala lamadzimadzi amagona ndithu ngati wakhuta koma thupi silinapezepo kanthu kokulira.

Ufa woyerawo ndi nkhani inanso. Tikakonola chimanga timataya gaga ndi kamtima kaja komwe kamakhala ndi mafuta ndi mavitamini, kenako timaviika mphale masiku angapo madzi ake n'kutaya, chotsala ndi chokhutitsa chokhachokha. Nsima yake njokoma inde koma mwana muphikireni mgaiwa. Ngati mungathe tengani makapu 4 a chimanga ndi kapu 1 ya soya wokazinga bwino mukagayitse pamodzi, amenewo ndiwo maziko a Likuni Phala amene anthu amagula m'sitolo uja. Pophika muzithiramo china tsiku lililonse, lero nsinjiro, mawa dzira, mkuja usipa kapena bonya wosinja n'kusefa, kasupuni kamafuta ophikira, nkhwani kapena bonongwe wophika n'kupota. Pakati pa zakudyazo mupatseni nthochi, peyala, papaya kapena mbatata yofiira mkati ngati Zondeni kapena Kadyaubwerere yomwe ili ndi vitamini A wambiri. Pa miyezi 9 azidya katatu kapena kanayi, m'mbale yakeyake kuti muziona zomwe wadya, osati kulimbirana ndi akuluakulu ake. Mtedza wa nsinjiro muzisankha, wonyala, wobooka ndi wachuku tayani osaumva chisoni, chuku chimenechi chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo satha olo muukazinge.

Bere musamuchotse, ayamwe mpaka zaka 2 olo kupitirira. Zoyamba phala pa miyezi 4 zapita, sindikukudzudzulani, azimayi ambiri amapanikizidwa chonchi ndipo apongoziwo ankafuna zabwino. Koma mukadzakhala ndi wina, miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha mwakathithi, opanda madzi, opanda phala, opanda zitsamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja osaufinyira pansi chifukwa ndi umene umamuteteza kumatenda. Mwana akamalira usiku sikuti mkaka wachepa, akamayamwa pafupipafupi mkakanso umachuluka. Ulendo wina wa kusikelo atengeni apongoziwo akamve okha kwa anesi kapena alangizi a zaumoyo, kusiyana nkuti muzikangana nawo awiriwiri pakhomo.

Ndatalikitsa dala yankho lanu chifukwa nkhaniyi imandipweteka mtima. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 kuno ku Malawi ndi opinimbira, ndipo ambiri mwa iwo sikuti amagona ndi njala ayi, amadya ndithu ngati wanuyu. Kupinimbira kumachitika kwambiri m'masiku 1000 oyamba, kuchokera tsiku lomwe mayi waima mpaka mwana kukwanitsa zaka 2, ndipo sikukhudza msinkhu wokha, ubongonso umatsalira, pambuyo pake nkovuta kubwezeretsa. Wanuyu ali ndi miyezi 9, nthawi ikadalipo yambiri.

Komabe miyezi iwiri osakwera sikelo njofunika kuti adokotala amuone, pena pamakhala malungo, kutsegula m'mimba kosatha kapena TB. Muonenso m'buku ngati analandira vitamini A, amayamba pa miyezi 6 kenako miyezi 6 iliyonse. Mukaona mapazi akutupa, tsitsi likufiira n'kumathothoka, kapena akukana kudya ndi kuyamwa, musadikire tsiku la sikelo, nyamukani. Akamuyeza pamkono ndi katepi kaja n'kugwera pofiira adzakupatsani chiponde, chimenecho ndi mankhwala a mwanayo, asagawane ndi abale ake.

FUNSO: Azakhali, akazi anga ndi oyembekezera miyezi 5. Mapilitsi owonjezera magazi anasiya akuti amawapatsa nseru komanso chimbudzi chikumada. Anzawo awauza kuti asamadye mazira mwana adzabadwa opanda tsitsi, komanso kuti achepetse kudya kuopa mwana angakulitse n'kudzavuta pochira. Masiku ano akumagula dothi pamsika n'kumadya. Ndiwathandize bwanji? Bambo wa ku Ndirande

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa, abambo ambiri zimenezi amati nza azimayi. Mapilitsiwo ayambirenso. Mayi akakhala woyembekezera magazi m'thupi mwake amachuluka pafupifupi ndi theka, ndiye ayironi wofunika ndi wambiri woti nsima ndi ndiwo zokha sizingakwanitse, komanso pochira amataya magazi, woyamba kale ali ochepa ndi amene amakhala pangozi. Chimbudzi kuda si matenda, ndi mmene ayironi amachitira. Za nseru ayese kumwa atadya kapena usiku pokagona, zikapitirira akawauze anesi kusikelo m'malo mongosiya mwakachetechete. Kulakalaka dothi kawirikawiri kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi, nde akapita akapemphe kuti awayeze, dothilonso limabweretsa njoka zam'mimba zomwe zimapunguza magazi omwewo.

Za mazira nzabodza, tsitsi la mwana silikhudzana ndi dzira, adye lophika bwino olo tsiku lililonse ngati thumba likulola. Kuchepetsa kudya nkoopsa, mwana wobadwa wosakwana makilo 2.5 ndi amene amavutika kwambiri masabata oyamba. Awonjezere chakudya kamodzi pa tsiku pamwamba pa zomwe amadya kale. Tiyi asamamwe pomwe akudya kapena pomwera mapilitsi chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi, padutse ola kapena awiri, m'malo mwake adyere limodzi gwafa, lalanje, mango kapena madzi a malambe, izi nde zimathandiza ayironi wa mu nyemba ndi masamba kulowa. Mchere mugule wa ayodini wa m'paketi. Fansidar wa kusikelo amwe ndipo azigona mu neti, malungo amamaliza magazi msanga.

China ndikuuzeni inuyo bambo. M'nyumba zambiri nkhuku ikaphedwa nthuli zabwino zimapita m'mbale ya abambo, mayi amatsala ndi msuzi ndi zipalapasiro. Miyezi imeneyi ndi yonse yoyamwitsa mutembenuze mbaleyo, muchite kuwasankhira nokha chifukwa iwo sangadzitapire.

FUNSO: Azakhali ndili Fomu 3 kuboding'i, anzanga amandinena kuti ndanenepa nde ndinasiya kumwa phala mmawa komanso nsima ndimadya usiku wokha. Koma ndikumamva chizungulire mkalasi makamaka ndikakhala kumwezi. Mtsikana wa ku Zomba

YANKHO: Mwana wanga, bwerera kuphala mawa lomwe. Pa msinkhu wakowu thupi likukula mothamanga, mafupa akukhwima, chiuno ndi chifuwa zikusintha, zimenezo sikunenepa ndipo anzakowo nawonso zikuwachitikira. Mwezi uliwonse ukutaya magazi, ukawonjeza kusadya chizungulire sichingalephere, ndipo mutu wanjala sugwira za mkalasi. Nyemba za kuboding'i zimatopetsa koma zili ndi ayironi, idya. Makolo akamabwera uwapemphe mtedza wokazinga, bonya, malambe ndi zipatso m'malo mwa majigisi ndi mabisiketi. Uwauze amatroni akuperekeze kuchipatala akakuyeze magazi, ndipo ngati kumwezi umataya kwambiri kapena masiku opitirira 7 ukanene, usachite manyazi.

FUNSO: Ndine dalaivala wa minibasi, zaka 46. Kuchipatala andipeza ndi bipi. Tsiku lonse ndimakhala pa chiwongolero, nkhomaliro ndi chipisi cha pachiwaya ndi zoziziritsa kukhosi ziwiri, mimba nde yatuluka. Mnzanga akuti ndisiye mapilitsi ndizingodya adyo. Zoona? Dalaivala wa ku Lilongwe

YANKHO: Achimwene, mapilitsi musasiye. Adyo thirani mu ndiwo kuti zikome koma salowa m'malo mwa mankhwala, ndipo bipi kuipa kwake siimva kuwawa, munthu amadziona ngati ali bwinobwino mpaka tsiku lomwe wagwa sitiroko kapena impso zafooka, inunso mumanyamula miyoyo ya anthu. Simuli nokha, kafukufuku wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu kuno kwathu ali ndi bipi yokwera, ambiri osadziwa nkomwe.

Yambani ndi mchere. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, imeneyo ndi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wonse wa mu ndiwo, mu buledi, mu makyubu okometsera, mu soseji, ndi uja mumawaza pa chipisi ndi pa kanyenya. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo. Botolo la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, inu mukumwa awiri, tiyi wammawa osawerengera, apa matenda a shuga mukuwaitana. Ikani botolo la madzi pambali pa giya. Mafuta a pachiwaya amakhala obwerezabwereza, chipisi chikhale cha apo ndi apo. Mudepoti momwemo muli azimayi ogulitsa nsima ya nyemba ndi masamba, chimanga chootcha, mbatata yophika, nthochi, mtedza. Nsima musaisiye, chepetsani mitanda, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsimayo, bola ya mgaiwa. Minibasi ikakhala pamzere kudikira kudzadza tsikani muyende mwandawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata. Ngati mumasuta kapena kumwa mowa mukawauze adokotala zoona zake, ndipo akakuyezeninso shuga.

FUNSO: Azakhali, ine ndili ku Johannesburg, agogo anga amene anandilera ali ku Ntcheu, zaka 78. Mano anatha nde akuti amangomwa tiyi ndi phala, pa chithunzi chomwe anditumizira pa WhatsApp aonda kwambiri mpaka ndinalira. Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi koma zimangogula shuga, sopo ndi buledi. Ndiwauze azigula chani? Mdzukulu

YANKHO: Mdzukulu, anthu ambiri amaganiza kuti nkhalamba poti siigwira ntchito yolemetsa ingodya pang'ono basi. Nsima inde amachepetsa, koma zakudya zomanga thupi amafunika zambiri ndithu chifukwa minofu imasungunuka ndi ukalamba, ikatha nde kumayamba kugwaigwa kuja n'kuthyoka chiuno. Tiyi wa shuga ndi buledi amangotseka njala.

Zofewa zosafuna mano zilipo zambiri ndipo agogowo amazidziwa kuposa ife. Chipere cha nyemba zochotsa makoko, futali wa mbatata kapena maungu wothira nsinjiro, nkhwani wotendera wophika mpaka kufewa koma osathira soda wambiri poti amapha mavitamini, dzira lofwafwaza, usipa wosinja wothira mu msuzi, chambiko kapena mkaka wa m'phala, peyala, papaya, nthochi yakupsa, kachewere wopota poti kwanuko nde kwawo. Usipa wodya ndi minga yomwe ndi mkaka zimalimbitsa mafupa. Azidya pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku m'malo mwa mbale yaikulu kamodzi. Okalamba samva ludzu msanga, nde wina aziwapatsa madzi kapena thobwa osadikira kuti apemphe, zimathandizanso kudzimbidwa.

Koma funsitsani zinthu ziwiri. Choyamba, amadya ndi ndani? Agogo ambiri akapatsidwa dzira amagawira tizidzukulu iwo n'kumwa tiyi, ena amasiya kudya chifukwa chongokhala okhaokha m'nyumba. Pezani wachibale mmodzi wokhulupirika amene aziwaphikira n'kukhala nawo pansi mpaka amalize, ndalama ya chakudya cha agogo izipita kwa ameneyo payokha, ndipo mumutchulire zogula, mazira, mtedza, nyemba, usipa, mkaka, mafuta. Mwezi wina mugule nkhuku zachikuda zingapo zoti ziziikira pakhomopo. Chachiwiri, kuonda msanga chonchi osangoti ndi ukalamba. Awatengere kuchipatala akawayeze TB, shuga ndi magazi, awaonenso mkamwa ngati muli zilonda, ndipo ngati chakudya chikumawatsamwa kapena kukakamira pakhosi pomeza akanene zimenezo kwa adokotala tsiku lomwelo osabisa.