Akuti a nthawi ya Covid ndife osapsa

Achemwali ena a ku Luwinga, omwe ali chaka chomaliza cha unamwino, anditumizira imelo. Akuti mkulu wina ku wodi anawauza kuti amene anamaliza sukulu nthawi ya Covid ndi "osapsa". Akufunsa ngati n'zoona, komanso kuti munthu atani mliri wina utabuka mayeso a laisensi ali pafupi.

Osapsa! Mmodzi wa osapsawo ndine, achemwali, ndiye mundipirire, lero ndilankhula.

A Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 Malichi 2020, ndipo pa 23 sukulu zonse zinatsekedwa, makoleji omwe. Nthendayo inali isanapezeke n'komwe m'Malawi muno, poti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ife tinali ku matenite, logbook (buku lolembamo ntchito zimene wophunzira wachita ku wodi) ili theka. Abale athu ambiri sadziwa kuti pepala la ku koleji silikupatsa chilolezo chogwira wodwala pawekha. Namwino ndi mzamba ayenera kukhoza kaye mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, monga madokotala ndi ma clinical officer amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Ndipo usanafike pamenepo, bukulo lidzaze: amayi amene wawathandiza kuchira, amene wawayeza ku sikelo, makanda amene wawasamalira, zonse wamkulu atasayinira. Zimenezi sungachitire pa WhatsApp.

Ndinabwerera ku Chibavi kukathandiza amayi pa benchi ya tomato. Manotsi ankabwera pa foni, bandulo ikatha kalasi yathera pomwepo, magetsi akazima chimodzimodzi. Anthu a m'dera mwathu ankanditchula kuti adokotala, n'kumabwera ndi ana otentha thupi m'kuzizira kwa Juni kuja, ine ndilibe ngakhale mphamvu yolembera munthu Panado. Madeti a mayeso ankangomveka m'magulu, lero awa, mawa ena, wina akuti wamva kwa msuweni wake wa ku Lilongwe. Kuwerenga osadziwa tsiku kumafoola kuposa kuwerenga kwambiri. Umati ukaloweza za eclampsia, nthenda yokomoka ya amayi oyembekezera, pofika mwezi wamawa zauluka.

M'nyumba mwathu tinali awiri. Mlongo wanga anali Folomu 4. Anabwerera kusukulu pa 7 Seputembala, anayamba MSCE, mu Novembala boma n'kuimitsa mayesowo chifukwa anabedwa, anakalembanso mu Januwale 2021. Januwale yemweyo ndiye mliri unalusa zenizeni, mpaka nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12. Amayi ankangoti ana anga analakwira ndani. Ndasochera, koma ndimafuna muone kuti chaka chimenecho panalibe kalendala imene inaima chilili.

Pali anzathu amene amati vuto ndi umphawi wathu, bwenzi anangoika mayeso pa intaneti. Iyayi. Ku America, American Board of Surgery inayesa zimenezo mu Julaye 2020 pa mayeso a madokotala ophunzira maopaleshoni, makina anasokonekera, mayeso n'kulephereka, anthu atawerenga miyezi yambirimbiri. Mayeso awo ena, USMLE Step 2 CS, amene wophunzira ankayeza munthu wonamizira kudwala, anaimitsidwa mu 2020 ndipo mu Januwale 2021 anawathetseratu. Ku Manchester ku UK, PLAB 2, mayeso a madokotala ofuna kukagwira ntchito m'dzikomo, inaima, madokotala ochokera kunja amene anali atalipira kale ndege ndi malo ogona anangoti kakasi. Mafunso a papepala mutha kuwasamutsira pa kompyuta. Koma manja a munthu pa mimba ya mayi woyembekezera muwaona bwanji pa kamera?

Tsono kunena zoona, zina zinatiperewera. Anthu ankaopa chipatala, maopaleshoni osafulumira ankasunthidwa, ndiye odwala ophunzirirapo anachepa. Titabwerera tinkathamangitsana ndi masiginecha, ophunzira kuunjikana pa mayi mmodzi. Koma amene amatitcha osapsawo anali kuti pamene tinkasinthanitsa masilinda a oxygen usiku, mask imodzi kuivala mpaka kuda? Ntchito tinkagwira ngati olembedwa, malipiro ayi, laisensi ayi. Apa ndiye sindigonja: ngati mwandikhulupirira kundisiyira wodi usiku, mundikhulupirirenso kundiyesa mayeso mu wodi momwemo, m'magulu ang'onoang'ono, konkuno ku Mzuzu. Kuchedwetsa mayeso sikuteteza wodwala aliyense. Kumangosiya anamwino pakhomo pamene zipatala zikulira kuchepa kwa anthu. Ku UK anachita kufulumizitsa ophunzira udokotala a chaka chomaliza kuti alowe ntchito msanga mu 2020. Ndipo wamkulu woona kuti mwana sadziwa kusoka bala, ntchito yake n'kumuphunzitsa kusoka, osati kukamunena ku tea room.

Ndiye muchite chiyani?

Mliri udzabweranso, musakayike. Kolera inayamba mu 2022 ija inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023. Logbook yanu muzisayinitsa tsiku lomwelo, osadikira kumapeto kwa nthawi yanu mu wodi imeneyo, ndipo tsamba lililonse mulijambule pa foni. Malisiti a ndalama za mayeso musunge. Za madeti mverani kalata ya ku Council kapena ya ku koleji kwanu basi, za m'magulu zisiyeni. Pezani anzanu awiri kapena atatu oyandikana nawo, muziyesana ngati pa OSCE, mayeso oonetsa luso pa wodwala, wina akhale wodwala, wina agwire wotchi.

Za mkulu wa ku wodi uja, musakangane naye mukadali wophunzira, ndi yemweyo adzakusayinireni buku. Mungomupempha mwaulemu kuti tsiku lina akuonetseni kasokedwe ka episiotomy, bala limene amacheka pokulitsa njira ya mwana pochira.