Aluminiyamu timasungunula kapena timayenga?

Funso lachokera kwa aphunzitsi ena a sayansi ku sekondale, akuti: "Ndikamafotokozera ana za electrolysis m'Chichewa ndimati timasungunula alumina kuti tipeze aluminiyamu. Ndikukhoza?"

Aphunzitsi, mwakhoza theka. Kusungunula ndi zija amachita anzathu opanga mapoto, kutola mapoto obooka ndi zidutswa za injini n'kuziika pamoto, zikasanduka madzi amathira m'chikombole cha mchenga. Cholowa ndi aluminiyamu, chotuluka ndi aluminiyamu yemweyo, wangosintha maonekedwe basi. Mwana wa fomu 3 akamva mawuwa maganizo ake athamangira kumeneko, ndiye pa mayeso alemba kuti moto ndi umene umagwira ntchito yonse.

Pomwetu alumina ndi ufa woyera mbee, mkati mwake aluminiyamu anagwirana ndi okosijeni zolimba moti olo mutenthe kupitirira madigiri 2000 mpaka asanduke madzi amakhalabe alumina yemweyo. Ndiye kufakitale amamuthira mu mtundu wina wa mchere wotchedwa cryolite, uli wamadzimadzi wotentha pafupifupi madigiri 950, ndipo apa pokha mawu anu aja akukwana, chifukwa pa Chichewa timatinso shuga wasungunuka mu tiyi. Koma ntchito yeniyeni, electrolysis ija, imayamba akadutsitsamo magetsi, aluminiyamu amadikha pansi pa thanki, okosijeni amathamangira ku zibuma za kaboni zolendewera pamwamba n'kumazidya pang'onopang'ono mpaka antchito azichotse aikepo zina. Njirayi anaitulukira Charles Martin Hall ku America ndi Paul Héroult ku France, aliyense payekha, chaka chimodzi cha 1886.

Ine ndingakonde muzinena kuti "kuyenga ndi magetsi". Kuyenga ndi mawu athu akale, makolo ankayenga chitsulo m'ng'anjo, timayenga mafuta a nsatsi, ndipo nthawi zonse tanthauzo lake ndi kutulutsa chofunika n'kusiya chinacho. Mukafuna kutsindika za okosijeni uja nenani "kulekanitsa ndi magetsi", nazonso zili bwino. Liwu loti electrolysis lisiyeni choncho, ana akalipeza pa pepala la mayeso.

Kenanso kakang'ono, ndimamva ena akuti "aluminiyamu yabwino". Khutu langa limakana, ndimamuika gulu limodzi ndi golide ndi siliva: aluminiyamu wabwino, aluminiyamu wayengedwa.