Makope amene mukukulungira usipa

Mwezi uno ndalandira makalata angapo odandaula za amuna oledzera ndi osakaza ndalama, ndipo ambiri mwa makalatawo ndi ofanana moti yankho limodzi likhoza kuwakwanira onse. Ndasankha iyi ya ku Nkhotakota chifukwa cha mawu ochepa amene mwini wake adawalemba ngati wongodutsa.

"Azakhali, ndine mayi wa zaka 31, ndili ndi ana atatu, ndipo ndimagulitsa usipa wouma pamsika wa paboma. Amuna anga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, koma palibe chimene amayamba n'kuchimaliza. Tidayamba kumanga nyumba ya njerwa zowotcha mu 2020, makoma adafika pamazenera chaka chotsatira, ndipo mpaka lero ili choncho, m'kati mwake mukugona mbuzi za eni ake. Januwale aliyense amalumbira kuti asiya mowa ndi kubetcha pa mpira, koma sipatha milungu iwiri. Kawiri konse ndalama zimene ndidagawana ndi anzanga ku banki m'khonde, zoti tigulire malata, adazitenga n'kuzimwaza, ndipo ndikafunsa amati zinthu zidakwera mitengo. Zinthu zathina moti ngakhale makope anga a Fomu 4, amene ndidalipirira mayeso mu 2022 koma osalemba chifukwa cha maganizo, ndiwo ndikung'amba pokulungira usipa. Ndichite chiyani kuti bambo a ana angawa akhale munthu womaliza zinthu?"

Mwana wanga, za amuna anu sindichedwapo, chifukwa sindikuwamvera chisoni ngakhale pang'ono. N'zoona kuti mitengo idakwera, pakuti kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti ndi malata zidathawa manja a anthu ambiri. Koma makoma anu adaima mu 2021, zonsezi zisanachitike, ndiye asanamizire kwacha. Mwamuna amene amatenga ndalama yoti afolerere ana ake n'kukaitaya ku mowa ndi kubetcha akuba m'nyumba mwake momwe. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti amve zimenezi pamaso pake, ndipo tsiku logawana ku banki m'khonde likadzafikanso, ndalamayo isadzagone m'nyumba: mudzagule malata tsiku lomwelo, ngakhale asanu okha, mukawasungitse kwa malume anu. Kupitirira apo, kusintha kwawo kuli m'manja mwawo, ndipo inu simungawasinthire.

Chimene chandigwira mtima ndi makope aja. Mudafika Fomu 4, mudapeza ndalama ya mayeso mwa thukuta lanu, dzina lanu lidalembedwa, ndiye tsiku litafika simudapite. Nkhani yaikulu chotere mwaipatsa theka la chiganizo, pamene makoma a amuna anu mwawapatsa kalata yonse. Ndikudzudzulani poyera chifukwa ndikukufunirani zabwino: m'nyumba mwanu muli nyumba ziwiri zosatha, ina ya njerwa imene aliyense wodutsa pamsewu amaiona, ina ya m'makope imene mukuigumula nokha tsamba ndi tsamba, n'kumaipereka kwa ogula pamodzi ndi ndiwo. Mwati chidakulepheretsani ndi maganizo, ndipo sindikukana kuti banja lotere limalemetsa mutu. Komabe taganizani mofatsa ngati mawu akuti "maganizo" m'kamwa mwanu sakugwira ntchito yofanana ndi mawu akuti "mitengo idakwera" m'kamwa mwa amuna anu. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo zonse ziwiri zasanduka pobisalira.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchinena kwa zaka zambiri, ndipo ndidzachinenabe. Anthu ambiri amaganiza kuti kudziletsa ndi mphatso imene ena adabadwa nayo, ena ayi, ndipo amayembekezera tsiku limene mtima udzafune, m'nyumba mudzakhale bata, ngongole zidzathe, kuti ayambe. Tsiku limenelo silifika. Mlimi wa mpunga wa ku Bua kapena ku Lifuwu safunsa mtima wake ngati ukufuna kulowa m'matope. Mbande zikafika msinkhu wake amawokera, chifukwa akudziwa kuti zikakalambira pa nazale sizibereka bwino. Inu nomwe, mwana wanga, simuli munthu wolekerera. Mumadzuka kusanache kukapikula usipa kudoko, kaya mwagona mokwiya kaya mwagona ndi njala. Ku banki m'khonde mumaponya masheya mlungu uliwonse osaphonya, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: kumeneko kuli tsiku lodziwika, ola lodziwika, anzanu amene akuona, ndiponso chindapusa kwa wochedwa. Mphamvu yomaliza zinthu muli nayo yambiri, koma yonse mudaipereka kwa ana, kwa ogula, kwa gulu ndi kwa mwamuna, ndipo cholinga chanu chokha ndicho mudachisiya chopanda tsiku, chopanda ola, chopanda mboni. Cholinga chotere chimafa ngakhale m'banja la mtendere.

Ichi n'chifukwa chake malumbiro a Januwale sindiwawerengera, kaya achokera kwa mwamuna kaya kwa mkazi. Munthu akalumbira pagulu kuti chaka chino asintha, amamva kukoma ngati kuti wasintha kale, ndipo kukoma kumeneko kumadya njala imene ikadamukankha kugwira ntchito. Amene ndawaona akumaliza zinthu salankhula zambiri. Amasankha kachigawo kakang'ono koti sangakalephere, monga masamba awiri kapena masamu asanu, n'kukamangirira ku chinthu chimene amachita kale tsiku ndi tsiku, ndipo akaphonya tsiku limodzi sadzitemberera n'kutaya zonse, amangobwerera mawa lake pa ola lomwelo. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo adanena izi poona amayi otola nkhuni, amene sadikira kupeza mtengo waukulu wogwa kale.

Palinso china chimene amayi ambiri safuna kumva. Kuyang'anira zolephera za mwamuna ndi ntchito yotopetsa, koma ili ndi kakomedwe kake, chifukwa nthawi yonse imene maso ali pa iye, sitiona zathu. Mwatha zaka mukuwerenga mabotolo ndi malonjezo a amuna anu, ngati mlonda amene adati ndionetsetse mpaka nkhosa zidatha, ndipo m'zaka zomwezo mukadakhala mutalemba mayeso, mwinanso kubwereza maphunziro amene akadakuvutani. Ana anu akuona zonse ziwiri. Akuona makoma a atate awo, koma akuonanso amayi awo akung'amba kope la Biology, ndipo mwana wanu wamkazi akadzatopa ndi sukulu adzakumbukira tsamba limenelo msanga kuposa malangizo anu onse.

Njira yobwerera ilipo ndipo si yachilendo. Sukulu zambiri za sekondale zili ndi makalasi a masana a anthu obwereza ndi ogwira ntchito, ndipo bungwe la MANEB limalola munthu wotere kulemba MSCE. Satifiketi imabwera munthu akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo pa mlingo wa credit. Kulembetsa kumatsekedwa kutatsala miyezi ingapo kuti mayeso ayambe, choncho pitani mlungu uno womwe kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi mukafunse masiku ake ndi silabasi imene ikugwira ntchito tsopano. Ola lowerengera mulisankhe pamsika pomwepo, masana pamene ogula amachepa, osati usiku m'nyumba momwe phokoso la woledzera likhoza kukusokonezani. Miyezi ya mwera, pamene nyanja imakalipa, asodzi n'kumalephera kupalasa ndipo usipa umasowa, musaione ngati yongodandaula, chifukwa ndi imene ingakupatseni nthawi yambiri ya buku. Uzani mnzanu mmodzi yekha wa ku banki m'khonde, wosakunyengererani, kuti azikufunsani mlungu uliwonse zimene mwawerenga, ndipo mugwirizane kachindapusa koti muzimupatsa mukalephera.

Mwina amuna anu adzakusekani, mwina adzati sukulu ndi ya ana, mwinanso adzachita manyazi akakuonani mukulimbikira n'kukumbukira makoma awo. Musawerengere chilichonse mwa izi, ndipo musalembe mayeso n'cholinga chowaphunzitsa iwo kanthu, chifukwa mukatero cholinga chanu chidzakhalanso chomangirira pa iwo.

Madzulo ano tulutsani makope amene atsala, muwerenge masamba amene apulumuka, muwamange ndi chingwe n'kuwaika pamene dzanja lokulunga ndiwo silifika. Usipa wa mawa mukulungire m'nyuzipepala zakale. Mukakalembetsa mundilemberenso, ndipo m'kalata imeneyo ndikufuna kuona ola limene mwasankha ndi phunziro limene mwayamba nalo, ndisanamve za amuna anu.

Ndine Azakhali anu.