Masamu, udzudzu ndi madzi a m'nyanja: yankho kwa achemwali ofunsa za modelling

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akupanga masamu ku yunivesite, ali chaka chachitatu. Funso lawo mwachidule ndi ili: semesita ikubwerayi akuyenera kusankha makosi, pa mndandanda pali ina ya mathematical modelling koma palibe amene wawafotokozera bwinobwino kuti zimenezi ndi zichani, komanso kunyumba bambo awo amangowafunsa kuti masamu onsewa adzagwira nawo ntchito yanji kupatula kukaphunzitsa ku sekondale. Nde akuti kodi ma equation angathandizedi pa mavuto enieni ngati matenda, magetsi kapena mitengo ya mbewu, kapena nzongolembera mayeso basi?

Achemwali zikomo polemba. Kosiyo tengani, ndaneneratu pano kuti musachite kudikira mpaka pansi. Koma ndiyankha motalikirapo chifukwa nkhaniyi ili pamtima panga.

Modelling ndi kutenga vuto la m'moyo lomwe lili ndi mbali zambirimbiri, nkusankhapo zochepa zomwe mukuona kuti ndi zimene zikuyendetsa nkhani yonse, nkulemba m'ma equation mmene zikukokerana, kenako nkumafunsa kuti nanga ichi chitasintha chingachitike nchani. Kusova equation masiku ano si nkhani, kompyuta imapanga yokha. Pofunika mutu ndi posankha choti chilowe ndi choti chitsale kunja, ndipo phindu lalikulu la model ndi kukuwonetsani pamene mungagwire kuti zinthu zisinthe, makamaka pamene ndalama ndi zochepa.

Tiyambe ndi malungo poti palibe mwa ife amene sanagonepo nawo. Mu 1897 dokotala wa ku Britain, Ronald Ross, ali ku India adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo mu 1902 adalandira mphoto ya Nobel. Koma anthu atavomereza kuti wofalitsa ndi udzudzu ambiri adangogwa mphwayi, amvekere ndani angaphe udzudzu wonse pa dziko. Ross adakhala pansi nkuyamba kulemba: anthu odwala alipo angati, amachira angati pa tsiku, pa munthu mmodzi pali udzudzu wochuluka bwanji, umaluma kangati. Pofika 1911 masamu ake adali atawonetsa kuti pali malire ena ake, udzudzu ukachepa kutsika pamenepo odwala atsopano amachepa kuposa ochira ndipo matendawo amazilala okha ngakhale udzudzu wina ukadalipo. Sikofunika kupha wonse ayi. Zimenezi ndi maso sungazione, ungazungulire madambo zaka 10 osazitulukira, zimatuluka pokhapokha wazilemba pa pepala.

M'zaka za m'ma 1950 George Macdonald wa ku London adawonjezerapo kanthu kamodzi komwe ineyo ndimakakonda kwambiri. Udzudzu ukaluma munthu wodwala lero sungapatsire wina mawa, tizilombo timafunika masiku pafupifupi 10 mpaka 14 kuti tikhwime m'thupi mwake kutengera ndi mmene kunja kukutenthera, ndipo udzudzu wambiri umafa usanafike pamenepo. Nde woopsa ndi udzudzu wokalamba.

Tsegulani calculator ya pafoni tiwerengere limodzi, manambala awa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti pa udzudzu 100 uliwonse, 90 umafika mawa lake uli moyo. Kuti ufike tsiku la 12 mukutayimusa 0.9 ka 12, mupeza 0.28, kutanthauza kuti 28 pa 100 ndi umene ukufika poyamba kupatsira anthu. Pano tinene kuti mwapopera mankhwala m'makoma ndipo ofika mawa atsika kufika pa 80. Zikuwoneka ngati zasintha pang'ono eti? Tayimusani 0.8 ka 12, mupeza 0.07. Kuchoka pa 28 kufika pa 7. Ndipo sizinathere pompo, chifukwa umene wapulumukawo masiku ake oluma anthu atsikanso kuchoka pa 9 ndi theka kufika pa 4 ndi theka, mukaphatikiza zonse kufala kwa matenda kwatsika kupitirira ka 8. Pomwe mukanati mulimbane ndi zithaphwi nkukwirira theka la malo oswerana, mukanatsitsa ndi theka basi. Apa boma kapena bungwe lomwe lili ndi ndalama zochepa laona kale koyambira. Maganizo amenewa ndi amene adalimbikitsa kampeni ya WHO ya mu 1955 yopopera mankhwala a DDT m'nyumba, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala imene mukugonamoyo ikuyenda pa mfundo yomweyo, sikuti imangotchinga, imapha udzudzu umene wabwera kudzaluma usanakalambe.

Komano muzidziwanso kuti model imatha kuphonya, ndipo kosi yabwino ikuyenera kukuphunzitsani zimenezi. Kuyambira 1969 mpaka 1976 WHO ndi boma la Nigeria adapanga kafukufuku wamkulu ku Garki kumpoto kwa dzikolo, adapopera m'nyumba, m'midzi ina adagawanso mankhwala kwa anthu onse, uku akatswiri a masamu akutsatira ndi model yawo. Malungo adatsika kwambiri koma sadathe, ndipo atasiya adabwerera. Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti udzudzu wina ukaluma sumatera pakhoma la m'nyumba, umakapuma panja komwe kulibe mankhwala. Masamu oyamba aja ankatenga udzudzu wonse ngati wa khalidwe limodzi. Kwathu kuno nkhani yake ndi yomweyo, ku Chikwawa ofufuza adapeza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus siukufanso bwino ndi mankhwala a m'maneti akale aja, nchifukwa chake kudabwera maneti atsopano owonjezera mphamvu. Ndiye pali anthufe. Model ikhoza kunena kuti neti iliyonse yogawidwa ikugonedwa, koma mukapita kunyanja mupeza ina ikukokera usipa, ina yatchinga nkhuku pa dimba la mpiru, ina ili m'pepala lake poti m'nyumba mukutentha mu Okutobala. Munthu amene wakulira kuno amazidziwa zimenezi asanatsegule buku, ndipo ichi nchifukwa chachikulu chomwe ndikufunira kuti ana athu azipanga okha ma model a dziko lino osati kumangolandira opangidwa kutali.

Pano za magetsi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Shire ndi mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi. Nde tengani nyanjayi ngati beseni lalikulu lokhala ndi kabowo kamodzi cha kukamwa. Zolowa ndi mvula yogwera pa nyanja penipeni komanso mitsinje ngati Songwe, South Rukuru, Bua, Linthipe ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Zotuluka ndi Shire komanso madzi ouma ndi dzuwa. Equation yake ndi ya mzere umodzi: kusintha kwa madzi ndi zolowa kuchotsapo zotuluka. Koma mukayika manambala mudabwa, chifukwa madzi amene dzuwa ndi mphepo zimatenga ndi ochuluka kutalitali kuposa odutsa mu Shire. Nyanjayi kukula kwake ndi ma square kilomita pafupifupi 29,600, nde sentimita imodzi yokha ikatsika ndi madzi okwana ma cubic mita pafupifupi 296 miliyoni, werengani nokha muone. Tanthauzo lake ndi lakuti Shire amangolandira zotsala, ndipo mvula ikachepa pang'ono kwa zaka zingapo zotsatizana zotsalazo zimatha msanga. Zidachitikapo, kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idatsika moti madzi adasiya kutuluka kulowa mu Shire. Taganizani zitachitika lero. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2016 ndi 2017 kunali kulawa chabe, ndipo mu 2024 zidatembenuka, madzi adakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi.

Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, chotchinga chokhala ndi zitseko zolamulira madzi oyenda mu Shire, yomwe idamangidwa mu 1965, ndipo anthu oyendetsa zitseko zake amakhala ndi funso la modelling tsiku ndi tsiku. Mukatsegula kwambiri mwawononga madzi omwe mudzawafune chilimwe cha chaka chamawa komanso mukhoza kumiza minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mukatseka kwambiri a m'mbali mwa nyanja alira, a magetsi aliranso, a nzimbe ku Nchalo chimodzimodzi. Palibe amene angayesere pa nyanja yeniyeni kuti tione zitha bwanji, mumayesera pa kompyuta kambirimbiri ndi mvula zosiyanasiyana musanakhudze chitseko.

Za chuma ndinena mwachangu. Mlimi amadzala poona mtengo wa chaka chatha koma amagulitsa pa mtengo wa chaka chino, kuchedwa kumeneku kokha ndi kokwanira kuti mitengo izingokwera nkutsika. Mtengo ukakhala wabwino aliyense amadzala, msika umadzaza, mtengo umagwa, chaka chotsatira anthu amathawa mbewuyo nde imasowa nkukweranso. Azachuma amaitcha cobweb model, dzinali adalipereka ndi Nicholas Kaldor mu 1934, ndipo ndi difference equation yomwe mwana wa chaka choyamba angaisove. Alimi a nandolo aku Mulanje, Thyolo ndi Zomba adaziona, mtengo utakoma ambiri adathamangira nandolo, kenako mu 2017 dziko la India lomwe limagula wambiri lidaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo ndipo mtengo udagweratu, anthu nkutsala ndi matumba m'nyumba. Model yongoyang'ana msika wa kuno ikanaona mbali imodzi yokha ya ngoziyi. Amene akanaikamo funso loti kodi wogula wamkulu ndi mmodzi yekha, nanga atatseka chitseko, akanachenjeza anthu nthawi ilipo. Zinthu za anthu nzovuta kuposa za madzi chifukwa madzi samva mphekesera, pomwe anthu mukangolengeza kuti chimanga chidzasowa amayamba kusunga ndipo chimasowadi msanga kuposa mmene munawerengera.

Kwa bambo anu, auzeni mwaulemu kuti uphunzitsi ndi ntchito yabwino koma si khomo lokhalo. Ku Reserve Bank amafuna anthu olosera za kukwera mitengo kwa zinthu, ku National Statistical Office ku Zomba amawerengera kuchuluka kwa anthu m'zaka zikubwerazi kuti boma lidziwe masukulu ndi zipatala zofunika, a zanyengo amadalira ma model polosera mvula ndi anamondwe, makampani a inshuwalansi ndi penshoni sangayende popanda owerengera, ndipo ku Malawi Liverpool Wellcome ndi ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre kuli kafukufuku wa matenda wofuna anthu a masamu. Palinso ntchito ya Thanzi la Onse, yomwe akatswiri a kuno mogwirizana ndi mayunivesite aku UK adapanga model ya ntchito zonse zaumoyo m'Malawi, yoti uzitha kufunsa kuti ndalama zochepazi zikapita ku manesi kapena ku mankhwala kapena ku katemera, zipulumutsa anthu ambiri kuti. Mukafuna kupitiriza sukulu yang'anani AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya masamu yomwe idayamba ku Cape Town mu 2003 ndipo pano ilinso ku Ghana, Senegal, Cameroon ndi Rwanda, amatenga ana a masamu a mu Africa muno pa masters ndipo amawalipirira.

Koma musadikire kosi kuti iyambe. Phunzirani Python kapena R, zilankhulo zolembera mapulogalamu a pa kompyuta, panopa, zonse nzaulere ndipo laputopu yakale imakwanitsa, differential equations ndi statistics muzigwire zolimba chifukwa popanda statistics simudziwa ngati model yanu ikugwirizana ndi zomwe zikuchitikadi. Ndipo holide ikubwerayi pangani kanthu kanu kakang'ono. Khalani pa mjigo wa kwanu m'mawa ndi kope, lembani nthawi imene munthu aliyense wafika, zidebe zomwe wabweretsa, ndi mphindi zomwe chidebe chimodzi chikutenga kuti chidzaze. Mukatero kwa sabata, yesani kulosera kuti mzere utalika bwanji 6 koloko Loweruka, nkupita kukaona. Mupeza kuti ena amasiya zidebe pamzere nkubwerera kunyumba, ena amalowetsa anzawo kutsogolo, mjigo umayamba kutulutsa madzi pang'onopang'ono ukapopedwa nthawi yaitali, ndipo chilichonse mwa zimenezi muyenera kuganiza ngati chilowe mu equation kapena ayi. Kenako funsani model yanuyo kuti chingafupikitse mzere kwambiri nchiyani, mjigo wachiwiri kapena kungogawana nthawi yotungira, yankho lakelo mukalipereke kwa a komiti ya mjigo. Mukapanga munditumizire manambalawo pa imelo yomweyi tidzaonere limodzi.